Mwana akalephera, wolakwa ndani?

Kwa makolo: Nkhani iyi ndi yowerengera pamodzi. Mwana wa kalasi yoyamba sangathe kuiwerenga yekha. Bambo, mayi, agogo kapena mkulu wake amuwerengere mokweza, gawo limodzi pa tsiku. Mukamaliza gawo, imani. Mufunseni mwanayo zimene wamva.

1. Nkhani ya madzulo

Caka ca sukulu cikatha, ana amabwerera kunyumba ndi zotsatira zao. Ena amathamanga akuseka. Iwo akhoza. Ena amayenda pang'onopang'ono, nkhope ili pansi. Iwo sanacite bwino.

Madzulo pakhomo pamayamba nkhani. Bambo amati, "Aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi." Mayi amati, "Iyayi, mwanayu amakonda masewera." Agogo amati, "Musiyeni, mutu wake ndi wouma." Kusukulu nakonso aphunzitsi amadandaula. Iwo amati, "Makolo satithandiza."

Kubwalo la mpira zimacitika cimodzimodzi. Timu ikagonja, ocemerera amakuwa. Amati, "Mphunzitsi acoke! Sadziwa nchito!" Sabata yotsatira timu yomweyo ikapambana, anthu omwewo amamunyamula pamapewa.

M'Cipwitikizi, wa kusukulu timati professor. Wa kumpira timati treinador. M'Cinyanja onse awiri ndi aphunzitsi. Onse amaphunzitsa. Onse amalozedwa cala zinthu zikavuta.

Kodi n'zoona kuti mlandu wonse ndi wao? Kapena alibe mlandu ngakhale pang'ono? Funso ili ndi lofunika. Tikaloza cala pamalo polakwika, vuto silitha. Mwana adzalepheranso caka camawa. Mwina adzasiya sukulu. Tiyeni tiione nkhaniyi bwinobwino.

2. Mafuwa atatu

Pitani kukhichini mukaone pamene amayi amaphikira nsima. Mphika wakhala pa mafuwa. Werengani mafuwawo. Alipo atatu. Mukacotsa fuwa limodzi, mphika umapendekeka. Madzi amatayika ndipo moto umazima.

Maphunziro a mwana ali ngati mphika umenewo. Fuwa loyamba ndi mphunzitsi. Fuwa laciwiri ndi banja. Fuwa lacitatu ndi mwana mwini wake.

Koma mafuwa okha saphika nsima. Pamafunikanso nkhuni. Nkhuni za sukulu ndi mabuku, coko, bolodi, mipando, denga losadontha ndi malipiro a aphunzitsi. Zimenezi zimacokera ku boma, ndipo anthu a m'mudzi amathandizapo.

Nsima ikapanda kupsa, mayi wanzeru sakalipira fuwa limodzi. Amayamba wawerama ndi kuyang'ana. Kodi fuwa lina lasuntha? Kodi nkhuni ndi zaziwisi? Kodi ufa unacepa? Akaona pamene pali vuto, m'pamene amakonza.

Ifenso ticite cimodzimodzi. Tiyambe ndi fuwa loyamba.

3. Zimene zili m'manja mwa mphunzitsi

Pa zinthu zonse za pasukulu, cofunika koposa ndi mphunzitsi. Pansi pa mtengo ana angaphunzire, ngati mphunzitsi ndi wabwino. M'nyumba yokongola ana sangaphunzire, ngati mphunzitsi palibe. Conco udindo wa mphunzitsi ndi waukulu. Nazi nchito zimene palibe wina angamugwirire.

Yoyamba ndi kubwera kusukulu tsiku lililonse, nthawi yabwino. Masukulu ambiri amagawa ana pawiri. Ena amaphunzira m'mawa, ena masana. Nthawi ya phunziro ndi yocepa kale. Mphunzitsi akacedwa ora limodzi tsiku lililonse, pa sabata ana ataya maora asanu.

Yaciwiri ndi kukonzekera. Mlimi sapita kumunda wopanda khasu. Mphunzitsinso salowa m'kalasi asanadziwe cimene aphunzitse. Lero ndi cilembo citi? Citsanzo cake ndi mau ati? Ana alemba ciyani?

Yacitatu ndi kufotokoza momveka. Mwana akapanda kumva, mphunzitsi amayesa njira ina. Amajambula. Amaimbitsa nyimbo. Amatola timiyala kapena njere za cimanga kuti ana awerenge ndi manja. Sabwereza mau omwewo mokalipa.

Yacinayi ndi kudziwa mwana aliyense. Mwana wina amasokoneza b ndi d. Wina amalemba 3 cogadamiza. Wina amakhala kumbuyo ndipo sayankha. Mphunzitsi wabwino amaona zimenezi msanga. Amayang'ana makope. Sadikira kutha kwa caka kuti adziwe kuti mwana sadziwa a, e, i, o, u.

Yacisanu ndi kulemekeza ana. Ndodo siilowetsa cilembo m'mutu. Mwana wamantha amaganiza za ndodo, saganiza za phunziro. Mwana amene wanenedwa kuti ndi mbuli pamaso pa anzake sakwezanso dzanja.

Yacisanu ndi cimodzi ndi kuuza makolo. Mwana akajomba masiku angapo, mphunzitsi atumize mau kunyumba.

Mphunzitsi akalephera pa nchito izi, mlandu ndi wake. Tisabise. Mu 2014 a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse anayendera masukulu a pulaimale m'dziko lathu la Moçambique. Anapita osanena tsiku. Pa aphunzitsi 100 alionse, 45 sanapezeke pasukulu. Atayenderanso mu 2018 anapeza kuti kujomba kwa aphunzitsi kwacepa. Izi zionetsa kuti vuto lotere lingathe kukonzedwa.

4. Zimene mphunzitsi sangathe yekha

Oyendera aja a mu 2014 anawerenganso ana. Pa ana 100 alionse olembedwa m'kaundula, 56 sanapezeke m'kalasi. Taonani: aphunzitsi ankajomba, koma ananso ankajomba. Mphunzitsi sangaphunzitse mpando wopanda munthu.

Kuno ku Angónia tikudziwa kumene ana amapita. Ena amakadyetsa ng'ombe. Ena amathandiza kukumba kacewere kapena kusoka fodya. Ena amalera mwana amayi akapita kudimba. Ena amasenza katundu tsiku la msika. Nchito ya pakhomo ndi yabwino, ndipo mwana ayenera kuiphunzira. Koma masiku a sukulu ndi asanu pa sabata. Mwana wojomba tsiku la msika lokha wataya tsiku limodzi pa masiku asanu. Anzake akaphunzira ma, me, mi, mo, mu iye kulibe. Akabwera mawa amapeza anzake ali patsogolo.

Palinso njala. Sukulu imatsegulidwa pamene nkhokwe zambiri zilibe kanthu ndipo cimanga ca kumunda sicinace. Mwana wopita kusukulu osadya amasinza. Mimba ikamalira, makutu samva.

Palinso matenda. Malungo amagoneka mwana sabata yathunthu. Mwana wina saona bwino pa bolodi. Wina khutu limatuluka mafinya ndipo samva mau a aphunzitsi. Anthu amati ndi wopusa, pamene iye akudwala.

Palinso nyengo. Mvula ikagwa, mitsinje imadzaza ndipo ana aang'ono sangaoloke. Mu Juni ndi Julaye kumapiri kuno kumazizira kwambiri. Cifunga cimakuta phiri la Dómuè. Mwana wopanda juzi amanjenjemera, zala zimalephera kugwira pensulo.

Palinso kuculuka kwa ana. M'masukulu ambiri mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa ana oposa 60. Yesani kuwerenga: akafuna kuima pa mwana aliyense mphindi imodzi yokha, ora lathunthu latha. Mabuku akacedwa kufika, nchito imalimba koposa.

Zonsezi mphunzitsi sangazithetse yekha. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga.

5. Nkhani ya cilankhulo

Pali cinthu cina cimene cinkalepheretsa ana ambiri. Makolo ndi agogo akucikumbukira.

Nthawi ya nkhondo anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Malawi, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu 1993 ndi 1994 anthu anabwerera kwao. Anapeza masukulu ambiri atagwa. Anayamba kumanga mwatsopano.

Masiku amenewo sukulu zonse zinkaphunzitsa m'Cipwitikizi cokha, kuyambira tsiku loyamba. Taganizani za mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi. Kunyumba amalankhula Cinyanja. Amadziwa nthano ndi zilapi. Amadziwa maina a ng'ombe zonse za m'khola. Wafika kusukulu. Mphunzitsi akulankhula, koma mwana sakumva liu ngakhale limodzi. Afunika kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: cilankhulo cacilendo ndi kuwerenga. Mwanayo amangokhala duu. Kumapeto kwa caka amabwereza kalasi. Ana otere anali ambiri.

Makolo ankati aphunzitsi sadziwa kuphunzitsa. Aphunzitsi ankati ana ndi ogona. Koma vuto lalikulu linali pakati pao. Mphunzitsi ndi mwana sankamvana.

Mu 1993 bungwe la boma loona za maphunziro, la INDE, linayamba kuyesa njira ina. Nchitoyo dzina lake linali PEBIMO, ndipo inatha mu 1997. Inacitika m'masukulu ocepa a m'zigawo ziwiri. Ku Gaza ana ankaphunzira m'Xichangana ndi m'Cipwitikizi. Kuno ku Tete ankaphunzira m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi. Ankayamba kuwerenga ndi kulemba m'cilankhulo ca kwao. Cipwitikizi cinkalowa pang'onopang'ono.

Oyendera makalasiwo anaona kusintha. Ana ankakweza manja. Ankayankha momasuka ndipo ankafunsa mafunso. Makolo anayamba kumva zimene ana ao akuwerenga. Sikuti mavuto onse anatha. Koma mu 2003 boma linayamba kufalitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'masukulu ena, m'zilankhulo 16 za dziko lino.

Tiphunzirapo ciyani? Ana aja sanali opusa. Aphunzitsi aja sanali aulesi onse. Nkhuni ndizo zinali zaziwisi. Nthawi zina colakwika si munthu, koma njira imene munthuyo wapatsidwa.

6. Tiyeni ku bwalo la mpira

Mphunzitsi wa timu ali ndi nchito zake. Amasankha osewera. Amawakonzekeretsa mkati mwa sabata. Amauza aliyense malo ake. Masewero ali mkati, amatulutsa wotopa ndi kulowetsa wina. Akalakwitsa pa zimenezi, mlandu ndi wake.

Koma woyimbira akaliza wenzulo, mphunzitsi amatsala kunja kwa mzere. Samenya mpira. Samwetsa cigoli. Sagwira mpira pagolo. M'bwalo muli osewera 11 a timu yake, ndi ena 11 amene akufunanso kupambana.

Tamvani nkhani iyi. Pa 22 Januwale 2024 timu ya dziko lathu, ya Mambas, inakumana ndi Ghana. Munali mumzinda wa Abidjan ku Côte d'Ivoire, pa mpikisano wa cikho ca Africa. Mphindi 90 zitakwana, Ghana inali patsogolo ndi zigoli ziwiri. Mambas analibe cigoli. Anthu ambiri ankati zatha.

M'mphindi zoonjezera wosewera wa Ghana anagwira mpira ndi dzanja. Woyimbira anapereka penate. Geny Catamo anamwetsa. Posakhalitsa mpira wina unali kutuluka wokha m'bwalo. Goloboyi wa Ghana anaukhudza, ndipo woyimbira anapereka kona. Kona itamenyedwa, Reinildo Mandava anadumpha ndi kumwetsa ndi mutu. Masewero anatha 2-2. Ghana inatuluka mumpikisano. Tsiku lotsatira mphunzitsi wao, Chris Hughton, anacotsedwa nchito.

Tsopano ganizani. Amene anagwira mpira ndi dzanja sanali mphunzitsi. Amene anapereka kona sanali mphunzitsi. Koma amene anasankha osewerawo ndi mphunzitsi. Amene anayenera kuwakonzekeretsa kuti asanjenjemere kumapeto ndi iyenso. Mlandu unali wogawana. Nanga anacotsedwa yekha cifukwa ninji? Cifukwa n'kosavuta kucotsa munthu mmodzi kusiyana ndi kucotsa timu yonse.

Kodi Ghana inacira pomwepo? Iyayi. Anaika mphunzitsi wina, Otto Addo. Caka comweco ca 2024 Ghana inalephera kupeza malo mumpikisano wotsatira wa cikho ca Africa. Koma mu 2025, ndi mphunzitsi yemweyo, inapeza malo mumpikisano wa cikho ca dziko lonse. Munthu mmodzimodzi analephera caka cina, napambana caka cinzake.

Kwathu kunacitikanso zofanana. M'caka cimodzi ca 2021 Mambas anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi atatu. Awiri anacotsedwa. Wacitatu anali Chiquinho Conde. Anthu a ku Tete amamudziwa, cifukwa mu 2017 anatenga cikho ca Moçambola ndi timu ya União Desportiva do Songo. Iye anapatsidwa nthawi. Mu 2023 Mambas anapeza malo mumpikisano wa cikho ca Africa, kumene anali asanapitenso cipitire mu 2010. Mu Disembala 2025, ku Morocco, anagonjetsa Gabon 3-2. Kunali kupambana kwao koyamba mumpikisano umenewo.

Mbeu siibala tsiku lobzala. Mphunzitsi sitimuyesa ndi masewero amodzi. Timamuyesa poona ngati timu ikukula.

7. Mphunzitsi amene amaona

Mphunzitsi sangacite zonse. Koma cimene angacite n'cacikulu. Nkhani ya Maria Mutola itiphunzitsa zimenezi.

Maria anabadwa mu 1972 ku Maputo. Ali mwana ankasewera mpira ndi anyamata. Tsiku lina mlakatuli wochuka, José Craveirinha, anamuona akuthamanga m'bwalo. Anaona kuti mtsikanayo ali ndi liwiro. Anamutengera kwa mwana wake, Stélio, amene anali mphunzitsi wa othamanga.

Mu 1988, ali ndi zaka 15, Maria anapita ku masewero a Olimpiki ku Seoul. Sanafike patali. Anagonja pa mpikisano woyamba. Wina akadati, "Mtsikanayu sangathe." Wina akadati, "Mphunzitsi wake ndi wacabe." Onse akadalakwa.

Maria sanasiye. Anapita kukaphunzira ku Oregon, ku America, kumene anamuphunzitsa ndi Margo Jennings. Mu 1996 ku Atlanta anakhala wacitatu. Mu 2000 ku Sydney anapambana mpikisano wa mamita 800. Inali mendulo yoyamba ya golide ya dziko lathu pa masewero a Olimpiki. Kucokera ku Seoul kufika ku Sydney panapita zaka 12.

Aphunzitsi anaona mphatso yake ndi kuikulitsa. Koma amene ankadzuka m'mamawa kukathamanga ndi Maria. Mphunzitsi amalozera njira. Miyendo ndi ya mwana.

8. Tingadziwe bwanji pamene pali vuto?

Makolo, nayi njira yosavuta. Musanakalipe, funsani mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi walephera ndi mwana wanga yekha, pamene anzake ambiri akhoza? Ngati ndi conco, yambani kuyang'ana pakhomo. Kodi anajomba masiku angati? Kodi amadya asanapite? Kodi amaona ndi kumva bwino? Kodi pali amene amamuvutitsa panjira? Mukakayika za maso kapena makutu, pitani naye kucipatala. Funsaninso ngati mphunzitsi analiona vutolo, ndi cimene anacitapo.

Funso laciwiri: kodi yalephera ndi kalasi yonse, pamene kalasi ina ya pasukulu pomwepo yacita bwino? Ana onsewo ndi a midzi imodzi. Njala ndi yomweyo, mvula ndi yomweyo. Ngati kalasi ya mphunzitsi mmodzi ilephera caka ndi caka, pamenepo tiyang'ane kwa mphunzitsiyo. Mwina amajomba. Mwina afunika thandizo la anzake odziwa nchito.

Funso lacitatu: kodi alephera ndi ana a masukulu ambiri? Mu 2016 boma linayesa ana a kalasi yacitatu m'dziko lonse. Ana 5 okha pa 100 alionse ndiwo ankawerenga bwino Cipwitikizi. Vuto lalikulu conco silingakhale la mphunzitsi mmodzi. Ndi la mabuku, la cilankhulo, la kuculuka kwa ana, ndi la kaphunzitsidwe ka aphunzitsi eni ake. Limeneli ndi la boma ndi la ife tonse.

Kumbukiraninso kuyang'ana kumene mwana wacokera. Tsegulani kope lake. Onani tsamba loyamba ndi tsamba lomaliza. Poyamba ankangokhwachakhwacha. Tsopano akulemba dzina lake. Mwana ameneyo wayenda ulendo, ngakhale sanafike pamene afika anzake. Mphunzitsi amene wamuyendetsa ndi woyenera kuthokozedwa.

9. Tikaona vuto tipite kuti?

Kudandaula pamsika kapena pacitsime sikuthandiza mwana. Kunyoza mphunzitsi mwana akumva n'koipa koposa. Mwanayo sadzamveranso m'kalasi.

Yambani ndi mphunzitsi mwini wake. Musadikire kutha kwa caka. Pitani mwaulemu, ana ataweruka. Kukambirana kungayende motere:

"Zikomo aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino mayi, kaya inu?"

"Ndaswera. Ndabwera cifukwa ca mwana wanuyu. Ndikamufunsa zilembo kunyumba, sakuzidziwa. Kodi inu mukuona kuti vuto ndi ciyani?"

"Mwacita bwino kubwera, mayi. Mwezi uno wajomba masiku anayi. Ndiponso akakhala kumbuyo amatsinzina poyang'ana pa bolodi."

"Masiku amenewo tinali kudimba. Sizicitikanso. Nanga za maso ticite bwanji?"

"Kuyambira mawa ndimukhazika kutsogolo. Inu mupite naye kucipatala. Tidzaonanenso mwezi ukatha."

Mwaona? Palibe amene wanyozedwa. Aliyense watenga mbali yake.

Koma ngati mphunzitsi amajomba kawirikawiri, kapena amamenya ana, kapena amabwera ataledzera, musakhale cete. Kauzeni mkulu wa sukulu. Kumbukirani kuti sukulu ili ndi bungwe lake, Conselho de Escola. M'menemo mumakhala makolo, aphunzitsi, ana ndi anthu a m'mudzi. Ndiwo malo okambira nkhani zotere. Zikakanika, nkhani ipite ku ofesi ya maphunziro ku Ulónguè.

Nanunso gwirani mbali yanu. Lamulo la maphunziro la mu 2018 likuti mwana ayambe sukulu m'caka cimene akukwanitsa zaka 6, ndipo aphunzire kufika kalasi 9. Lamuloli ndi la anyamata ndi atsikana omwe. Mlembetseni nthawi yake. M'patseni kanthu kakudya asananyamuke, ngakhale phala kapena mbatata yotsala dzulo. Nchito ya pakhomo aigwire akaweruka. Madzulo mufunseni, "Lero mwaphunzira ciyani?" Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, funsani. Mwana akaona kuti makolo akufuna kumva, amalimbikira.

Mphunzitsi akagwira bwino nchito, muuzeni. Pa 12 Okutobala dziko lathu limakumbukira aphunzitsi. Mau a zikomo sagulidwa.

10. Kwa iwe mwana

Iwe ndiwe fuwa lacitatu. Uli wamng'ono, koma mbali yako ilipo.

Dzuka m'mawa, usambe, upite kusukulu. Usaime panjira. Sunga buku lako kuti lisanyowe. Aphunzitsi akamalankhula, chera khutu. Ukapanda kumva, kweza dzanja, unene kuti, "Aphunzitsi, sindinamve. Bwerezani." Kufunsa si kupusa. Ngati suona bwino pa bolodi, nena. Ngati wina akukumenya, uza amayi kapena abambo.

Ukalakwitsa, usalire. Fufuta, ulembenso. Posewera mpira wa cikulunga umaphonya kambiri, koma susiya kusewera. Zilembo nazonso zili conco. Timu yanu ikagonja, usanyoze goloboyi. Mugwire dzanja. Mawa mudzaseweranso.

11. Tsono wolakwa ndani?

Tabwerera ku funso lathu. Mphunzitsi ali ndi udindo waukulu, koma si wonse. Ayankhe pa zimene zili m'manja mwake: kubwera, kukonzekera, kufotokoza, kuona mwana aliyense ndi kumulemekeza. Pa zimenezi tisamuikire kumbuyo. Koma tisamusenzetse njala, malungo, mtsinje wodzaza, kusowa kwa mabuku kapena kujomba kwa mwana. Zimenezo zili ndi eni ake.

Conco zotsatira zikabwera zoipa, khalani pansi. Bambo, mayi, mwana ndi aphunzitsi, aliyense anene mbali yake imene akonze. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Mafunso

1. Kodi mphika umakhala pa mafuwa angati?
2. Chula mafuwa atatu a maphunziro a mwana.
3. Chula nchito ziwiri za mphunzitsi wa kusukulu.
4. Chula zinthu ziwiri zimene zimajombetsa ana m'mudzi mwanu.
5. Kodi masewero a Mambas ndi Ghana anatha bwanji?
6. Ndani anaona kuti Maria Mutola ali ndi liwiro?
7. Ukapanda kumva phunziro, ucite ciyani?

Zocita

Jambula mphika uli pa mafuwa atatu. Pempha wamkulu akuthandize kulemba mau awa, amodzi pa fuwa lililonse: mphunzitsi, banja, ine.

Funsa agogo kapena amalume: "Kodi inu munaphunzira m'cilankhulo canji?" Mawa ukauze anzako m'kalasi.

Mau a lero

mphunzitsi: professor
mphunzitsi wa timu: treinador
mwana wa sukulu: aluno
banja: família
mpira: bola
buku: livro